Kompyuta ikati wodwala sakupezeka: zoyenera kuchita musanamupatse nambala yatsopano

Pa windo lolembetsera odwala m'zipatala zathu kuno ku Nkhotakota pali mawu awiri amene sipatha sabata osamveka: "sisitimu yagwa" ndi "kompyuta sikukupezani". Onse amathera kumodzi. Mzere wafika panja, dzuwa lakwera, adokotala akudikira, ndiye kalaliki amangotsegula tsamba latsopano, kulemba dzina, kusindikiza sitika n'kumata pabuku. Mzere wayenda ndithu, koma munthu mmodzi wasanduka anthu awiri m'makina. Mbiri ya mankhwala ake yatsala pa nambala yakale, zotsatira za magazi zidzabwerera ku nambala yakale, ndipo pakapita miyezi a zaumoyo adzapalasa njinga kukasaka munthu amene akuti wathawa mankhwala, chikhalirecho mwini wake akumwa tsiku lililonse. Ndikulembera anzanga akalaliki, anamwino, ma HSA (alangizi a zaumoyo m'midzi) ndi aliyense wogwira makinawa, chifukwa vutoli limapeweka ngati tifufuza zinthu mwandondomeko tisanagwire batani lolembetsa munthu watsopano.

Dziwani kaye makina amene mukulimbana nawo

Ntchito yosunga mbiri ya odwala m'makompyuta m'dziko muno inayamba mu 2001, pomwe bungwe la Baobab Health, loyambitsidwa ndi Gerry Douglas, linaika makompyuta ogwira ndi chala pagalasi ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero timati Kamuzu Central. Sitika ya barcode yomwe timamata pabuku la kuchipatala inachokera kumeneko. Makinawa anafalikira kwambiri m'makiliniki a ma ARV, ndipo pambuyo pake ntchito yowasamalira inapita m'manja mwa bungwe lolimbana ndi Edzi la EGPAF mothandizidwa ndi PEPFAR, thumba la boma la America lolimbana ndi Edzi. Unduna wa Zaumoyo uli ndi nthambi yoyang'anira zimenezi, unatulutsa ndondomeko ya zaka za 2020 mpaka 2025, ndipo ukufalitsa sisitimu yotchedwa MaHIS kuti zolemba za mbali zosiyanasiyana za chipatala zikhale pamodzi.

Mbiriyi ndaitchula chifukwa makinawa anabwera nthawi zosiyana ndipo sagwira ntchito mofanana. EMR, sisitimu yosunga mbiri ya odwala pa kiliniki ya ma ARV, imadalira seva, kompyuta yosunga zolemba zonse, yomwe ili mkati mwa chipatala momwemo. DHIS2, momwe timalowetsa malipoti a pamwezi, imafuna intaneti. iCHIS, pulogalamu ya pa matabuleti a ma HSA, imalola kulemba popanda netiweki n'kudzatumiza pambuyo. M'zipatala zina zing'onozing'ono muli eMastercard, momwe kalaliki amalowetsa zomwe zalembedwa kale pamakhadi odwala atapita.

Choncho ngati galasi la EMR ya pa kiliniki lakana kutseguka, musanamizire netiweki ya foni. Seva ndiyo nkhokwe, magalasi aja ndi pongotapira. Chomwe chasokonekera chili pakati pa nkhokweyo ndi inu, ndipo kawirikawiri chili pamtunda woti mutha kuyenda wapansi n'kukachiona.

Galasi limodzi kapena onse?

Funso loyamba ndi limeneli, ndipo kuliyankha sikutenga mphindi ziwiri. Suzumirani chipinda choyandikana nacho. Ngati kwa anzanu zikuyenda, vuto lili pa tebulo panu. Onani chingwe cha netiweki kumbuyo kwa galasi: kapulasitiki kogwirira kamathyoka, chingwe n'kumangolendewera ngakhale chikuoneka ngati chalowa. Chizuleni, chilowetseninso mpaka chimveke kuti chagwira. Magalasi ambiri akale aja amalandira magetsi kudzera m'chingwe chomwecho, kotero galasi lozimiratu silitanthauza kuti lapsa. Chikakanabe, tsatirani chingwecho kukhoma mpaka kudenga, chifukwa makoswe amakonda kuchitafuna. Mukabwereka chingwe cha pa tebulo lomwe likugwira ntchito mudziwa msanga ngati vuto ndi chingwe kapena galasi.

Ngati magalasi onse aima, pitani komwe kuli seva. Yang'anani zinthu zitatu: ngati seva yayaka, ngati timagetsi ta pa kabokosi kogawa netiweki tikuphethira, ndi ngati mabatire ali ndi moto. Mabatire ndiwo amatigwetsa kwambiri. Batire likamatheratu moto mobwerezabwereza limafooka msanga, monga ambiri tinaonera magetsi atavuta kwa nthawi yaitali namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Mabatire otopa amakunamizani: magetsi alipo zonse zili bwino, akangozima pakapita mphindi zochepa chilichonse chathima. Mukaona chizindikiro chimenechi, lembani lipoti lopempha mabatire ena, chifukwa kuzimitsa ndi kuyatsanso sikungathandize. Ndipo chonde, mzere wa magetsi a seva si wotchajira mafoni a wodi yonse, si wa ketulo, si wa fani ya m'chipinda chopumulira. Ndikudziwa kuti magetsi akazima soketi imeneyo ndi yokhayo yamoyo pachipatala ponse, koma foni iliyonse yolumikizidwa pamenepo ikudya nthawi ya odwala omwe ali pamzere.

Kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala nakonso kumazimitsa seva. Ikatentha kwambiri imadzizimitsa yokha podziteteza. Chipinda chake chisasanduke mosungira makatoni a mankhwala ndi mafayilo akale mpaka mphepo kusowa polowera. Chotsani zomwe zatsekereza timabowo ta mpweya, pukutani fumbi, idikireni izizire, kenako muyatse. Musamazule pulagi seva ikugwira ntchito, pakuti kutero kungaononge zomwe inali kusunga panthawiyo, n'kusandutsa vuto la ola limodzi kukhala la sabata. Nyengo ya dzinja, ngati zonse zafa usiku womwe kunali ziphaliwali, ganizirani kabokosi kogawa netiweki kaja. Kakapsa palibe chomwe inu mungachite koma kuitana akatswiri.

Seva ikayakanso, musanalembe wodwala woyamba, werengani deti lomwe lili pagalasi. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kakang'ono kosunga nthawi, ndipo kakatha deti limabwerera zaka zam'mbuyo. Aliyense amene mungamulembe pa deti lolakwika, tsiku lake lodzabweranso nalonso lilakwika, ndipo ulendo wakewo sudzaoneka pa lipoti lomwe timatulutsa miyezi itatu iliyonse.

Sikana ikakana kuwerenga sitika

Apa sipovuta. Yesani sikana pa buku lina la sitika yooneka bwino. Ikawerenga, sikana ilibe mlandu, sitika ya wodwalayo ndiyo yafufutika kapena yanyowa, zomwe sizachilendo kwa anthu okhalira m'bwato ndi padoko. Pansi pa timizere ta barcode pamakhala nambala yolembedwa. Ilembeni ndi dzanja, mosamala ndi zilembo zofanana maonekedwe monga 0 ndi O, 1 ndi I, 5 ndi S. Mukamupeza, sindikizaninso sitika ya nambala yomweyo. Kusindikizanso sitika ndi kulembetsa munthu watsopano ndi mabatani awiri osiyana, ndipo anzathu ongoyamba kumene ntchito ayenera kuonetsedwa kusiyanaku tsiku loyamba. Pulinta ikamatulutsa masitika otuwa, onani riboni ndipo pukutani pomwe imasindikizira musanamate sitika imene mawa sidzawerengekanso.

Buku latayika, dzina silikutuluka

Apa ndi pamene pamafunika mtima wodekha, chifukwa makina ali bwinobwino, koma dzina la Mmalawi silikhala ndi kalembedwe kamodzi. Amene analemba koyamba anamva Maliya, inu mukulemba Maria. Aisha yemweyo wina amalemba Ayisha, wina Asha. Yusufu amakhala Usufu kapena Yusuf, Saidi amakhala Sayidi, Phiri amataya h n'kukhala Piri, Nkhoma n'kukhala Nkoma. Musalembe dzina lonse pofufuza. Lembani zilembo zitatu zoyambirira, muone mndandanda womwe watuluka. Sinthanitsani l ndi r. Yesaninso kuika dzina loyamba pamalo a dzina la bambo, chifukwa tsiku lotanganidwa mayina amalowetsedwa mozondoka.

Zikakanika, siyani kiyibodi mucheze ndi munthuyo. Amayi ambiri analembetsa ndi dzina la kwawo asanakwatiwe, lero akutchula la amuna awo, kapena banja linatha abwerera ku dzina lakale. Funsani mwaulemu: "Amayi, tsiku lomwe munkalembetsa koyamba kuno munatchula dzina liti, la kwanu kapena la abambo akunyumba?" Agogo angakuuzeni kuti ndi Nabanda kapena Naphiri, chifukwa ndi momwe mudzi wonse umawaitanira, pomwe m'kompyuta muli dzina la ubatizo lomwe mdzukulu anatchula zaka zapitazo. Kwa abambo, ena amatenga dzina loyamba la bambo awo kukhala dzina lachiwiri, pomwe pa chiphaso cha unzika panalembedwa la agogo awo. Kumbukirani kuti kalembera wa ziphaso za unzika anachitika mu 2017, ndipo anthu ambiri a pa ma ARV analowa m'makina chiphasocho chisanabwere. Dzina la pa chiphaso likakana, si umboni woti munthuyo mulibe.

Tsiku lobadwa musalidalire kwambiri, makamaka kwa achikulire. Ambiri analembedwa ndi zaka zongoyerekeza, ndipo lero akatchula chaka china kompyuta imawaona ngati munthu wina. Mudzi umathandiza koposa, koma funsani komwe ankakhala nthawi imeneyo, osati komwe akukhala lero. Munthu amene lero ali kwa Kanyenda mwina analembetsa akukhala kwa Malengachanzi kapena kwa Mwadzama, ndiponso midzi imagawika, mudzi womwe unkadziwika ndi dzina la mfumu imodzi lero uli ndi mafumu atatu. Funsaninso dzina la amene anawaperekeza ngati wowayang'anira, ndi nambala ya foni yomwe anapereka kale. Wa ma ARV ali ndi njira ina yachidule: nambala yake ya ARV ili pa mastercard, khadi lake lolembapo maulendo ake a kukiliniki, m'kabati ndi mu kaundula wa pepala. Kutsegula kabati ndi ntchito ya mphindi zisanu, pomwe kukonza munthu wolembedwa kawiri kumadya masiku.

Madzi atasefukira ku Dwangwa mu 2024, mabanja ambiri anataya katundu, ndipo mabuku a kuchipatala sapulumuka pa ngozi yotere. Nthawi ngati imeneyo ndi pomwe phindu la makinawa limaoneka, chifukwa buku likapita ndi madzi mbiri imatsala mu seva. Koma imatsala kwa kalaliki amene wafufuza. Wongolembetsa mwatsopano aliyense wobwera chimanjamanja wataya mbiriyo kachiwiri.

Obwera kuchokera ku chipatala china

Boma lathu ndi la anthu oyendayenda. Asodzi amatsata nsomba kuchoka ku Chia kupita ku Senga Bay kapena kumpoto, n'kukhala kumeneko miyezi. Nyengo yodula nzimbe ku Dwangwa kumabwera anthu ochokera m'maboma ena, ntchito ikatha n'kubwerera kwawo. Amayi ogula usipa ndi mpunga sakhala malo amodzi. Munthu wotere akafika pa windo, n'zoona kuti seva yanu mwina sikumudziwa, koma funso lalikulu ndi lakuti mumulemba ngati ndani.

Wa ma ARV amene anayambira kwina salembedwa ngati woyamba kumene mankhwala. Amalembedwa ngati wosamukira kuno, ndi tsiku lenileni lomwe anayamba ndi mtundu wa mankhwala omwe akumwa. Kulakwitsa apa kumavulaza munthu. Ngati anasinthidwa kale mankhwala chifukwa oyamba aja anasiya kugwira ntchito m'thupi mwake, inu n'kumulemba ngati watsopano, abwezeredwa ku mankhwala omwe analephera kale. Ndondomeko yake yoyezetsa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi nayo iyambiranso pachiyambi. Kuchipatala komwe anachokera, pakatha miyezi iwiri kuchokera tsiku lomwe mankhwala ake anayenera kutha, makina amuika m'gulu la osiya mankhwala. Dziko likuwerenga munthu mmodzi wotayika ndi mmodzi watsopano, pomwe palibe amene watayika.

Anthu ambiri amabisa zoti anayamba kale chifukwa choopa kukalipiridwa, makamaka ngati anadumphitsa miyezi kapena anachoka osatsanzika. Funso limeneli silifunsidwa pa windo anthu akumva. Mulowetseni m'chipinda, munene motsitsa mawu: "Abambo, mankhwalawa si achilendo kwa inu eti? Munkalandirira kuti? Sitikudzudzulani ayi, tikungofuna tipitirize pomwe anzathu analekezera." Ambiri akamva kuti palibe chilango amamasuka, ena mpaka amatulutsa botolo lakale m'thumba. Kalata yosamukira ikasowa, imbani foni ku chipatala chakalecho, mutsimikize mtundu wa mankhwala, ndipo muwapemphe alembe kuti wasamuka. Foni imeneyi ndi yomwe timaizengereza kwambiri poti mayunitsi amakhala a m'thumba mwathu, ndipo ine ndimaona kuti oyang'anira zipatala ayenera kuika mayunitsi a ntchitoyi pa bajeti monga amaikira mafuta a ambulansi.

Wongodutsa, amene mankhwala amuthera ali paulendo koma abwerera kwawo, musamusamutse. Malamulo a Unduna amalola kumupatsa mankhwala omuthandiza kwa kanthawi, ndipo amalembedwa mu kaundula wake wapadera.

Mukapeza munthu ali ndi nambala ziwiri

Musafufute chilichonse. Lembani nambala zonse ziwiri, mupereke kwa amene ali ndi chilolezo chophatikiza zolemba pachipatala panu kapena kwa akatswiri a makinawa. Asanaphatikize, tsimikizani ndi mwini wake kuti onsewo ndi iyeyo: mudzi, womuyang'anira, tsiku loyamba mankhwala. M'mudzi umodzi mutha kukhala anthu awiri a dzina limodzi ndi zaka zoyandikana, ndipo mapasa nthawi zambiri mayina awo amasiyana pang'ono chabe. Kuphatikiza anthu awiri osiyana n'koipa kuposa kugawa munthu mmodzi, chifukwa zotsatira za magazi a wina zimakakhala pa dzina la mnzake. Zikakonzedwa, dulani mzere pa sitika yolakwikayo m'buku kuti sikana isadzaiwerengenso.

Makina akafadi, pepala ligwire ntchito, koma lisagone

Pali masiku omwe mwayesa zonse ndipo seva yakana. Odwala sabwezedwa chifukwa cha kompyuta. Tulutsani makhadi ndi kaundula, mulembe zonse zomwe galasi likanakufunsani: nambala ya wodwala, sikelo, mtundu wa mankhwala, kuchuluka kwa mapiritsi omwe mwapereka, omwe anatsala, tsiku lodzabweranso, ndi magazi ngati atengedwa. Kuchuluka kwa mapiritsi ndi komwe anthu amaiwala, koma ndi komwe makina amawerengera tsiku lomwe mankhwala adzathe. Masiku ano ambiri amalandira a miyezi isanu ndi umodzi. Ulendo umodzi wotere ukapanda kulowa m'makina, munthu amaoneka ngati wasowa kwa theka la chaka.

Makhadi a tsiku limenelo asabwerere m'kabati. Aikeni m'katoni yawoyawo, mulembepo deti. Makina akadzuka, sinthani deti la m'sisitimu kukhala la tsiku lomwe odwalawo anabweradi, lowetsani khadi lililonse, ikani chizindikiro pa lomwe mwamaliza, kenako bwezerani deti la lero musanaitane wodwala wina. Ntchitoyi ichitike tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndipo pakhale munthu wodziwika ndi dzina amene wapatsidwa. Ikangosiyidwa kuti aliyense achita akapeza mpata, imadikira mpaka sabata yomwe alendo oyendera ntchito za HIV akubwera kudzaona malipoti a miyezi itatu, ndipo zolowetsedwa usiku mothamanga ndi zomwe zimadzaza zolakwika.

Kwa ma HSA ogwiritsa ntchito matabuleti

Zomwe mwalemba kumudzi zimakhala mu tabuleti momwemo mpaka zitatumizidwa. Zikakana kutumizika, onani ngati bandulo ilipo, ngati deti ndi nthawi ya tabuleti zili zolondola, ndi ngati malo osungira sanadzaze ndi mavidiyo. Yesani pamalo a netiweki yamphamvu, batire lili ndi moto wokwanira. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuchotsa pulogalamuyo, kufufuta zosungidwa zake, kapena kupereka tabuleti kwa okonza mafoni pamsika kuti aifulashe. Mabanja onse omwe munawalemba koma sanatumizidwe amapita pomwepo, ndipo palibe katswiri amene angawabweze. Pitani nayo kwa woyang'anira wanu momwe ilili. Kutumiza pafupipafupi, osadikira kutha kwa mwezi, kumachepetsa zomwe mungataye tabuleti ikagwera m'madzi kapena ikabedwa.

Poitana akatswiri

Uthenga wakuti "sisitimu yagwa, bwerani" suthandiza munthu amene ali ku boma kapena ku Lilongwe ndipo akuyang'anira zipatala zambiri. Nenani nthawi yomwe zinayamba, ngati ndi galasi limodzi kapena onse, ngati magetsi anazima, mawu enieni omwe alembedwa pagalasi, ndi zomwe mwayesa kale. Zambiri zimatheka kukonzedwa pafoni pomwepo, ndipo ngati afunika kubwera adziwa chipangizo choti anyamule. Sungani kabuku kolembamo vuto lililonse, tsiku lake ndi maola omwe makina anaima. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa kaye thandizo lake lakunja, zinaonekera poyera kuti mbali yaikulu ya makina a m'makiliniki a ma ARV imadalira ndalama za abwenzi akunja. Ngati tikufuna kuti mabatire, zingwe ndi malipiro a akalaliki zilowe mu bajeti ya boma ndi ya khonsolo, ndipo ine ndikukhulupirira kuti ziyenera kutero, kabuku kameneka ndiko umboni womwe akuluakulu a zaumoyo m'boma angapite nawo ku msonkhano.

Mukamajambula galasi kuti mutumize pa WhatsApp, phimbani dzina ndi nambala ya wodwala. M'magulu a pa WhatsApp mumakhala anthu ambiri, ena anasiya kale ntchito, ndipo kuno timadziwana: dzina limodzi pa chithunzi cha kiliniki ya ma ARV likhoza kufika padoko dzuwa lisanalowe. Lamulo la Data Protection Act lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2024 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kutetezedwa mwapadera. Pa chifukwa chomwecho, pasiwedi yanu isamatidwe pakhoma ndipo musabwereke mnzanu. Akauntu yake ikatsekeka, apemphe kuti amutsegulire yake, chifukwa chilichonse cholembedwa ndi pasiwedi yanu makina amachisunga pa dzina lanu, ndipo mafunso akadzabwera adzafunsa inu.